SUKULU YA NYENGO YA KU CHICAGO NDI ANA ACE

 

Palibe munthu m'dziko lathu lino amene sasamala za mvula. Mwezi wa October ukafika, dzuwa nkumaswa mtengo, tonsefe maso amakhala kumwamba. Wogwira nchito pansi pa mgodi ali ndi kamunda kace kuseri kwa komboni, ndiponso ali ndi makolo kumudzi amene adzamdandaulira ngati nkhokwe ziri zopanda kanthu. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinapsereza cimanga m'zigawo zambiri, madzi a m'nyanja ya Kariba natsika, magetsi nayamba kuzima maola ambiri pa tsiku. Pa nthawi zotere timachera khutu ku wailesi kuti timve za nyengo. Wolengeza amanena kuti mawa kudzagwa mvula ya mabingu kumpoto, koma kumwera kudzakhala kouma. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti nzeru zimenezi zinacokera kuti? Sizinagwe kumwamba pamodzi ndi mvula iai. Zinafunidwa ndi anthu, ndipo ambiri a iwo anazifunira m'masukulu akuru ochedwa mayunivesite.

Mayunivesite ali ndi mwambo wina. Caka ndi caka cigawo ca maphunziro cimasindikiza kapepala ka nkhani za pabanja: kuti uje amene anatsiriza maphunziro ace zaka khumi zapitazo tsopano alikugwira nchito yakuti-yakuti, mphunzitsi uje wasamukira kwina, uje walandira mendulo, ndipo uje watisiya. Kwa mlendo nkhani zotere ziri zouma ngati mndandanda wa maina wa kwa kapitao. Koma munthu akazilumikiza za zaka zambiri, amaona m'mene nzeru zimayendera kucokera kwa munthu mmodzi kunka kwa wina. Madzulo ano ndifuna kukuuzani nkhani za pabanja za cigawo cimodzi cotere: cigawo ca maphunziro a nyengo ca pa University of Chicago, m'dziko la America. Mverani bwino maina a anthu ace ndi kumene anacokera, pakuti pamapeto ndidzakufunsani funso.

MPHUNZITSI WAMKURU

Cigawo cimeneci cinayambika m'caka ca 1940. Amene analimbikira kuti ciyambike ndiye Bambo Horace Byers, koma amene anaitanidwa kudzacitsogolera ndiye Bambo Carl-Gustaf Rossby, mbadwa ya ku Sweden. Bambo Rossby anabadwira ku Stockholm m'caka ca 1898. Ali mnyamata anapita ku Bergen, m'dziko la Norway, kukaphunzira kwa Bambo Vilhelm Bjerknes, amene analikuphunzitsa kuti mphepo ndi mitambo zimamvera malamulo amene munthu angathe kuwalemba ndi masamu. M'caka ca 1926 anaolokera ku America, ndipo patapita zaka ziwiri anayambitsa maphunziro a nyengo pa sukulu yochuka ya MIT.

Cimene cinachukitsa dzina lace ndi ici. Pamwamba pa maiko ozizira, kumene ndege zazikuru zimauluka, kuli mphepo yamphamvu yoomba kucokera kumadzulo kunka kum'mawa. Mphepoyi siyenda molunjika. Imakhota-khota monga umacitira mtsinje wa Kafue m'zidikha zace. M'caka ca 1939 Bambo Rossby anasonyeza kuti kukhotaku kumadza cifukwa dziko lapansi ndi lobulungira ndipo limazungulira, napeza masamu odziwira liwiro limene makhotawo amasunthira. Wodziwa kumene makhotawo adzakhala mawa angathe kunena kumene kudzagwa mvula ndi kumene kudzagwa cisanu. Kufikira lero akatswiri amawacha mafunde a Rossby.

Mmodzi wa ophunzira ace, Bambo Dave Fultz, anafuna kuona zimenezi ndi maso. Anatenga beseni longa lotsukiramo mbale, nathiramo madzi, nalitenthetsa m'mphepete monga dzuwa litenthetsa maiko athu ano, naliika pa cinthu cozungulira. Posacedwa madziwo anayamba kukhota-khota ngati mphepo zija za kumwamba. Bambo Fultz anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo kufikira ukalamba wace.

OPHUNZIRA A NTHAWI YA NKHONDO

Cigawoci cikali cakhanda, dziko la America linalowa m'nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Ndege za nkhondo sizikanatha kuuluka popanda anthu odziwa kuwerenga mitambo, ndipo anthu otere anali ocepa kwambiri. Cotero boma linatumiza anyamata zikwi zingapo ku masukulu asanu kuti akaphunzire za nyengo mofulumira, ndipo Chicago inali imodzi ya masukuluwo.

Pakati pa anyamatawo panali Charles Anderson, munthu wakuda wobadwa m'caka ca 1919. Masiku amenewo asilikari akuda a ku America sankaloledwa kutumikira pamodzi ndi oyera. Motero atatsiriza maphunziro ace ku Chicago m'caka ca 1943, anatumizidwa kukagwira nchito yoona za nyengo pakati pa oyendetsa ndege akuda amene anaphunzitsidwa ku Tuskegee. Nkhondo itatha sanaleke kuphunzira. M'caka ca 1960 analandira digiri ya udokotala ku MIT. Pano tisasokonezeke: uyu si dokotala wa mankhwala, koma ndi munthu amene wafika pa nsonga ya maphunziro ace mwa kutulukira cinthu cimene ena sanacidziwe. Bambo Anderson anali munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira digiri yotere pa maphunziro a nyengo. M'caka ca 1966 anakhala mphunzitsi pa University of Wisconsin, ndipo anamwalira m'caka ca 1994. Lero bungwe la akatswiri a nyengo la ku America limapereka mphoto yochedwa ndi dzina lace kwa anthu amene amatsegulira ena khomo la maphunzirowa.

KULOWA M'MIMBA MWA MTAMBO

Tsopano tifike pa cinthu cimene ife tonse ticidziwa, ndico mvula ya mabingu. Nkhondo itatha, ndege zonyamula anthu zinacuruka, ndipo zina zinali kuonongeka m'mitambo yakuda ija. Panalibe wodziwa bwino zocitika m'kati mwace. Boma linapatsa Bambo Byers nchito yakuti afufuze. M'caka ca 1946 ku Florida, ndi m'caka ca 1947 ku Ohio, oyendetsa ndege za nkhondo analowa dala m'mitambo ya mabingu, wina pansi, wina pakati, wina pamwamba, atanyamula zipangizo zoyesera mphepo. Pansi anzao anali kuyesa mvula ndi kuponya mabaluni.

Zimene anapeza anazisindikiza m'caka ca 1949, ndipo zimaphunzitsidwa kufikira lero. Mtambo wa mabingu uli ndi ubwana, ukulu ndi ukalamba. Pa ubwana wace mpweya wonse m'kati mwace umakwera kumwamba, ndipo mtambo umafufuma ngati thonje. Pa ukulu wace madontho amalemera nayamba kugwa, ndipo pogwa amakokera pansi mpweya wozizira. Motero mbali ina mpweya ulikukwera, mbali ina ulikutsika, ndipo ndi pomwe pali mphezi ndi matalala. Pa ukalamba wace mpweya wotsika umagonjetsa wokwera, mtambo nusowa cakudya, nufa. Moyo wonsewu kawiri-kawiri sufika ndi ola limodzi lomwe.

Inu mudziwa kamphepo kozizira kaja kamene kamautsa pfumbi m'komboni mvula isanagwe, amai nathamangira kukanula zobvala pa cingwe. Kamphepo kameneko ndiwo mpweya wotsika uja, umene wagunda pansi nufalikira m'mbali.

MLENDO WA KU JAPAN

Pa nthawi yomweyo, ku tsidya lina la dziko lapansi, mphunzitsi wina wamng'ono wa ku Japan analikufufuza cinthu comweco payekha. Dzina lace linali Tetsuya Fujita, wobadwa m'caka ca 1920. Munthu ameneyu anapulumutsidwa ndi mitambo. Bomba loopsa limene linagwetsedwa pa mzinda wa Nagasaki m'mwezi wa August 1945 linakonzedwera mzinda wa Kokura, pafupi ndi kumene iye analikukhala. Koma tsiku limenelo mitambo ndi utsi zinaphimba Kokura, ndipo ndege inapitirira. Patapita masabata owerengeka Bambo Fujita anapita ku Nagasaki kukayesa m'mene zinthu zinaonongekera. Anaona kuti mitengo inagwa moyang'ana kunja mbali zonse, kucokera pa malo amodzi, cifukwa mphamvu ya bomba inacokera kumwamba, nigunda pansi, nifalikira. Cithunzi cimeneco cinakhala m'mutu mwace zaka makumi atatu.

M'caka ca 1947 anakwera phiri lina la kwao kukayesa mvula ya mabingu, ndipo ndi zipangizo zocepa anazindikira za mpweya wotsika uja. Analemba zimene anapeza m'Cingerezi, nazitumiza kwa Bambo Byers. Bambo Byers anadabwa kuona kuti munthu mmodzi wosauka, m'dziko logonja pa nkhondo, wapeza cinthu cimene iwo anacipeza ndi ndege ndi ndarama zambiri. Sanacite nsanje, koma anamuitana, ndipo m'caka ca 1953 Bambo Fujita anafika ku Chicago. Akuru athu anati, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ku America kuli akabvumvulu oopsa amene amazula nyumba ndi kuponya magalimoto kutali. Bambo Fujita ankayenda pansi ndi kuuluka pamwamba pa malo oonongeka, kujambula mapu a njira imene mtengo uli wonse unagwera. M'caka ca 1971 anakonza muyeso wa mphamvu ya akabvumvulu, kuyambira F0 kufikira F5, poyang'ana zimene aononga. Muyesowo unagwira nchito kufikira 2007, pamene a ku America anauwongola, koma dzina lace analisunga.

Nchito yace yaikuru koposa inadza ndi tsoka. Pa 24 June 1975 ndege ina inagwa potera ku New York pa nthawi ya mvula ya mabingu, ndipo anthu 113 anafa. Bambo Fujita anapemphedwa kufufuza. Anakumbukira mitengo ya ku Nagasaki, ndi mitengo ina imene anaiona itagwa mofananamo m'nkhalango za ku America. Anati nthawi zina mtambo umalabvula mpweya pansi mwamphamvu pa malo ang'ono, kwa mphindi zowerengeka cabe. Ndege yolowa pamenepo iyamba yakomana ndi mphepo ya kutsogolo imene imaikweza; woyendetsa acepetsa mphamvu ya injini; pomwepo mpweya uikanikiza pansi, ndipo mphepo itembenuka niomba kucokera kumbuyo, mapiko nasowa cowanyamula. Akatswiri ambiri anamtsutsa, nati palibe cinthu cotere. Koma m'caka ca 1978 pafupi ndi Chicago, ndi m'caka ca 1982 ku Denver, makina a radar anaonetsa mphepo zimenezi poyera. Kuyambira pamenepo oyendetsa ndege anayamba kuphunzitsidwa kuzipewa, ndipo ndege ndi mabwalo ambiri zinapatsidwa makina ocenjeza. Ngozi za mtundu umenewu zinacepa kwambiri. Bambo Fujita anamwalira m'caka ca 1998.

MKAZI AMENE ANAKANIZIDWA

Tibwerere ku nthawi ya nkhondo. Pakati pa ophunzitsa anyamata aja panali mtsikana wobadwa m'caka ca 1923, amene dziko limamdziwa ndi dzina lakuti Joanne Simpson. Nkhondo itatha, akazi anayembekezeka kubwerera ku nyumba. Iye anafuna kupitirira kufikira digiri ya udokotala. Mwini wace anasimba pambuyo pace kuti Bambo Rossby anamuuza kuti palibe mkazi amene analandirapo digiri yotere, ndipo ngakhale atailandira palibe amene adzamlemba nchito. Anafunanso kuphunzira za mitambo ya maiko otentha, imene akuru-akuru a nthawi imeneyo anaiyesa nkhani yaing'ono.

Mphunzitsi mmodzi anabvomera kumtsogolera, ndiye Bambo Herbert Riehl, wobadwira ku Munich m'dziko la Germany, amene anali katswiri wa nyengo ya maiko otentha. M'caka ca 1949 Mai Simpson anakhala mkazi woyamba wa ku America kulandira udokotala pa maphunziro a nyengo.

M'caka ca 1958, pamene ankachedwa Joanne Malkus, iye ndi Bambo Riehl anamasula mfundo imene ikhudza ife mwacindunji. Dzuwa limatenthetsa maiko athu a pakati pa dziko lapansi koposa maiko ena onse. Kutentha kumeneku kuyenera kukwera kumwamba ndi kupita ku maiko ozizira. Kukapanda kutero, kuno kukanapsa ndipo uko kukanauma ndi cisanu. Koma kumakwera bwanji? Inu a pa mgodi mudzamva msanga. Mpweya wotentha wa pansi pa mgodi suturuka pobowola thanthwe ponse-ponse iai. Umaturuka pa shafuti imene inakumbidwira nchito imeneyo. Iwo anapeza kuti kumwamba nkomwemonso. Kutentha kumakwera m'kati mwa mitambo itali-itali ya mabingu, imene nsonga zace zimafika mapazi 50,000, ndipo anaicha nsanja zotentha. Dzuwa likamauma madzi a m'nyanja ndi m'madambo, mphamvu yace imabisala m'nthunzi. Nthunziyo ikasanduka madontho m'kati mwa nsanjazo, mphamvu ija imamasuka nikankha mpweya kumwamba koposa. Anawerenga kuti nsanja zikwi zowerengeka cabe pa nthawi imodzi zikwanira kugwira nchito imeneyi pa dziko lonse. Tsono mukaona mtambo waukuru utaima pamwamba pa Nkana masana a mwezi wa January, dziwani kuti mulikuona imodzi ya mashafuti a dziko lapansi.

M'caka ca 1979 Mai Simpson analowa nchito ku NASA, bungwe la America loona za kuthambo. Kumeneko anatsogolera akatswiri pokonza setilaiti, ndiko kuti makina ozungulira dziko kuthambo, yoyesa mvula ya maiko otentha. Setilaiti imeneyi, yochedwa TRMM, inapangidwa ndi America pamodzi ndi Japan. Inaponyedwa m'mwezi wa November 1997, nigwira nchito kufikira 2015, ndipo dziko lathu linali m'gulu la maiko amene inali kuwayesa podutsa. Ina yochedwa GPM inaponyedwa m'caka ca 2014 kuti ipitirize nchitoyo. M'caka ca 1989 Mai Simpson anakhala mkazi woyamba kukhala pulezidenti wa bungwe la akatswiri a nyengo la ku America. Koma mverani ici: m'caka ca 1983 bungwelo linampatsa mendulo yace yopambana zonse, ndipo mendulo imeneyo imachedwa ndi dzina la Carl-Gustaf Rossby. Anamwalira m'caka ca 2010.

MWANA WA KU MIGODI

Wina amene ndifuna mumdziwe ndiye Bambo Verner Suomi. Anabadwa m'caka ca 1915 ku Eveleth, tauni ya migodi ya citsulo m'cigawo ca Minnesota, m'banja locokera ku Finland. Anayamba moyo wace monga mphunzitsi wa ana a sukulu. Nkhondo ndiyo inamfikitsa ku Chicago, kumene anadziwika ndi luso la manja lokonza zipangizo.

M'caka ca 1948 anapita ku University of Wisconsin kukathandiza Bambo Reid Bryson, mwana winanso wa ku Chicago, kuyambitsa cigawo ca nyengo kumeneko. Udokotala wace anaulandira ku Chicago m'caka ca 1953, ndipo mudzaseka mukamva cimene anafufuza: munda wa cimanga. Anayesa kutentha kumene munda umalandira kwa dzuwa ndi kumene umabweza kumwamba. Pambuyo pace anaganiza kuti cimene anayesa pa munda angathe kuciyesa pa dziko lonse, ngati cipangizo cace citaikidwa kutali kokwanira. M'caka ca 1959 cipangizo cimene anapanga ndi mnzace, injiniya Robert Parent, cinakwera kuthambo pa setilaiti yochedwa Explorer 7.

Ndipo anacita coposa pamenepo. Setilaiti ikaikidwa mamailosi 22,000 pamwamba pa mzere wapakati wa dziko, imazungulira pamodzi ndi dziko, kotero kuti imaoneka ngati yaima malo amodzi. Koma za masiku amenewo zinali kupota ngati nguli kuti zisapendekeke. Nanga cinthu copota cingajambule bwanji? Bambo Suomi ndi Bambo Parent anapanga kamera imene imajambula kamzere kamodzi kopyapyala pa kupota kuli konse, nisuntha pang'ono, nijambula kena, kufikira cithunzi conse citakwana, monga mai aluka mphasa bango limodzi-limodzi. Kamerayo inakwera m'mwezi wa December 1966, ndipo anthu anayamba kuona mitambo ya mbali yaikuru ya dziko irikuyenda. Zithunzi za mitambo zimene muziona pa televizyoni, ndi zimene a ofesi ya za nyengo amayang'ana asanatumize mau ku wailesi, ziri zidzukulu za kamera imeneyo. Bambo Suomi anamwalira m'caka ca 1995, ndipo setilaiti ina yoponyedwa m'caka ca 2011 inapatsidwa dzina lace.

KUMWAZIKANA

Nthawi sindilola kuchula onse, koma mmodzi sindingamsiye. Bambo Ye Duzheng wa ku China analandira udokotala wace kwa Bambo Rossby m'caka ca 1948. Akanatha kukhala ku America, koma m'caka ca 1950 anabwerera kwao, kumene akatswiri a nyengo anali owerengeka. Anafufuza m'mene mapiri atali a ku Tibet amasinthira mphepo ndi mvula, naphunzitsa mibadwo ya akatswiri a dziko lace kufikira imfa yace m'caka ca 2013.

Aphunzitsi naonso anamwazikana. Bambo Rossby anayamba kubwerera ku Sweden m'caka ca 1947, nayambitsa sukulu ina ya nyengo ku Stockholm, kumene anamwalira m'caka ca 1957. Bambo Riehl anasamukira ku Colorado State University nayambitsa cigawo ca nyengo kumeneko. Wophunzira wace, Bambo William Gray, anamtsata, ndipo kuyambira 1984 anayamba kulengeza caka ndi caka kucuruka kwa anamondwe amene ayembekezeka pa nyanja ya Atlantic. Bambo Byers anapita ku Texas m'caka ca 1965. Ndipo cigawo ceni-ceniceo cinatani? M'caka ca 1961 cinaphatikizidwa ndi cigawo ca maphunziro a miyala, nicitenga dzina lina. Dzina lace loyamba linakhala zaka ngati 20 zokha.

Kodi tinene kuti cinafa? Mlimi akabzala mbeu zonse za m'nkhokwe, nkhokwe imatsala yopanda kanthu, koma palibe amene amalira, pakuti mbeuzo ziri m'munda.

FUNSO LA MADZULO ANO

Ndinalonjeza kukufunsani funso, ndipo nali. Mukanakhala inu mlonda wa pa khomo la sukulu imeneyo, kodi mukanaloza yani kuti uyu ndiye adzapita patali? Kodi mukanaloza mnyamata wakuda amene lamulo linamletsa kutumikira pamodzi ndi anzace oyera? Kodi mukanaloza mtsikana, kapena mlendo wa Cingerezi cobvuta wocokera ku dziko la adani, kapena mphunzitsi wa ana wa ku tauni ya migodi? Ngakhale Bambo Rossby, amene anadziwa njira za mphepo koposa anthu onse a m'nthawi yace, anaphonya njira ya wophunzira amene anaima pamaso pace. Zikuoneka kuti kulosera za mwana nkobvuta koposa kulosera za mvula.

Koma onaninso kuti palibe mmodzi wa anthu awa amene anakwera yekha. Bambo Byers anayankha kalata ya munthu wosamdziwa. Bambo Riehl anabvomera wophunzira amene ena anamkana. Mutu umodzi susenza denga. Ulemu wa sukulu suli m'zipupa zace kapena m'dzina lolembedwa pa khomo, koma m'zimene aphunzitsi ace anacita pamene munthu wosayembekezeka anagogoda.

Tsono inu atate ndi amai, pa nyumba panu pangakhale mwana wa mafunso osatha, amene amafuna kudziwa cifukwa cace mphezi imaoneka bingu lisanamveke, kapena amene amaika citini pabwalo kuti ayese mvula ya usiku. Musamuyese waulesi. Ngati ali mtsikana, musanene kuti masamu ndi a anyamata. Mau amenewo ananenedwa kale ku Chicago, ndipo mwamva m'mene anathera. Ine sindingakulonjezeni kuti mwana ali yense adzakhala dokotala wa maphunziro. Koma dziko limene magetsi ace, migodi yace ndi nsima yace zimadalira mvula lisowa ana ace-ace odziwa kuwerenga mitambo yace. Ndipo inu aphunzitsi amene mulikumvera, mawa m'mawa mukalowa m'kalasi, muyang'anenso bwino uja wokhala pa benchi ya kumbuyo.